Kalata Yotseguka kwa Akuluakulu a Bungwe la Ofukula Zakale mu Afirika

Mukuni Park,
Mosi-oa-Tunya Road,
Livingstone.

Kwa a Pulezidenti ndi nduna zonse za PanAfrican Archaeological Association.

Akuluakulu olemekezeka,

Popeza kunali kuno ku Livingstone, m'chaka cha 1955, kumene makolo a bungwe lanu anasonkhana kachitatu, atayamba ku Nairobi mu 1947 ndi kubwereza ku Algiers mu 1952. Popezanso mafupa, mapale ndi miyala yosema imene anadzakambirana inatuluka m'nthaka yomweyi imene ife tilimamo ndi kugonekamo akufa athu. Ndayesa kuti sichidzakhala chipongwe ngati munthu wamba wa mumzinda muno, amene dzina lake mulibe m'kaundula wa mamembala anu, aomba m'manja pakhomo panu ndi kupempha kuti mutchere khutu. Chimene ndadzera ndi chimodzi, ngakhale ndidzachizungulira monga achitira okalamba: kuti bungwe limene lidziwa kuweruza zaka za mwala lidziwenso kuweruza mayendedwe a ana ake, ndi kuti bwalo loweruziralo likhale ndi khomo limene eni nthaka angalowepo osayamba apempha wowaperekeza.

Ndisanatule dandaulo ndiyenera kuthokoza, pakuti amene aiwala chabwino chimene anachitiridwa sayenera kumvedwa akamalira. Nyumba yathu yosungiramo zakale, imene inakhazikitsidwa mu 1934 ndipo ndiyo yakale ndi yaikulu koposa m'Zambia, sikadakhala chimene ili lero pakadapanda a J. Desmond Clark, amene anafika kuno ali mnyamata mu 1938 nakhala kufikira 1961, pamene anapita kukaphunzitsa ku Berkeley. Ndiwo amene mu 1953 anazindikira chuma chimene chinali m'mphepete mwa mtsinje wa Kalambo, pamwamba pa mathithi ake, malo omwewo amene mu 2023 a Larry Barham pamodzi ndi akatswiri a m'dziko lino analengeza kuti apezapo mitengo iwiri yosemedwa ndi kulumikizidwa zaka 476,000 zapitazo. Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sitikana kuti kalumoko kanatimeta bwino. Pakuti m'mapazi a alendowo munatuluka ana a kwathu, monga a Francis Musonda ndi a Nicholas Katanekwa kuno, ndi a Gadi Mgomezulu ndi a Yusuf Juwayeyi ku Malawi, a Juwayeyi ndiwo anafukula bwinja la Mankhamba, likulu la Kalonga, nagwirizanitsa zimene nthaka inanena ndi zimene agogo anasimba. Zonsezi tazisunga mumtima.

Koma taonani mmene msonkhano wa 1955 unakhalira. Chinali chaka chokumbukira kuti papita zaka 100 chionereni David Livingstone mathithi amene Aleya a kwa Mukuni anali atawatcha kale Shungu Namutitima ndi kumathirako nsembe. Inalinso nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene m'mizinda ya dziko lino munthu wakuda ankagulira nyama pawindo, osaloledwa kuponda m'sitolo. Akatswiri anachokera kumaiko akutali, a Raymond Dart anayala nkhani ya mafupa a ku Makapansgat nanena kuti anali zida za anyani ofanana ndi anthu, anakangana za maina oyenera kutcha nyengo za miyala, ndipo zokamba zawo zinasindikizidwa m'buku mu 1957. Koma amene anakumba maenje amene alendowo anaonetsedwa, amene anasenza dothi pamutu ndi kulisefa dzuwa la m'chigwa cha Zambezi lili paliwombo, amene analoza kuti phanga lakuti lili kuseri kwa phiri lakuti, iwowa analibe mpando pamene zinthu zinali kugamulidwa. Sindinena izi kuti ndiimbe mlandu akufa, amene anayenda monga nyengo yawo inawayendetsera. Ndinena chifukwa chizolowezi chimatsala pamalo mwini wake atapita, ndipo nkutheka kuti mwana wa m'dziko, atavala jekete la ukatswiri, achitire anthu a m'mudzi zomwezo zimene mlendo anachitira atate wake.

Chizolowezi choyamba ndicho kumeza maina. M'chaka cha 1921, mumgodi wa mtovu ndi zinki ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, munapezeka chigaza chimene dziko lonse lapansi lichidziwa. Mabuku anena kuti anachipeza ndi Tom Zwigelaar, mzungu wa ku Switzerland, ndipo ena awonjezera kuti anali ndi mnzake wakuda, koma dzina la mnzakeyo palibe amene anaona kuti nkofunika kulilemba. Munthu ameneyo anali ndi amake, anali ndi mfunda, anali ndi mudzi umene anachokera kudzafuna ndalama ya msonkho, lero chatsala cha iye ndi mawu akuti "wantchito wina." Ndikufunsani, akuluakulu: pa malipoti amene mamembala anu alemba chaka chino, ndi angati amene atchula maina a aganyu amene anagwira fosholo, a mayi amene anaphikira msasa, a nkhalamba imene inamasulira chojambulidwa cha pamwala? Kulemba dzina sikudya ndalama. Lamulo loti lipoti lililonse lowerengedwa pamsonkhano wanu litchule onse amene anagwira ntchito, ndi kunena poyera malipiro amene analandira, mukhoza kulikhazikitsa tsiku limodzi dzuwa lisanapendeke, ndipo lidzachotsa pa ntchito yanu chizolowezi chimenechi cha kumeza maina.

Za chigazacho ndikhalapo pang'ono, pakuti mlandu suola. Kampani ya mgodi inachipereka ku London mu 1921 momwemo, a Arthur Smith Woodward anachitcha Homo rhodesiensis, phanga limene chinagonamo linaphwasulidwa ndi okumba miyala, ndipo kufikira lero chili ku Natural History Museum, pamene ana a sukulu a kuno aonetsedwa chofanizira chabe. Akatswiri atachiyesanso mu 2020 anapeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 299,000. Boma la Zambia lakhala likuchipempha kuyambira zaka za m'ma 1970, likunena kuti lamulo la 1912 linaletsa kutulutsa zotere popanda chilolezo, ndipo mu 2018 nkhaniyi inafika pa komiti ya UNESCO ku Paris, kumene a ku Britain anavomera kukambirana. Tsono ife a mzinda uno tili ndi chifukwa chathu chodabwira ndi kuchedwaku. Pamene mwini dzina la mzindawu anamwalira kwa Chitambo mu 1873, otsatira ake Susi ndi Chuma ndi anzawo sanati mtembo wa mzungu ndi chinthu chosowa, tiusunge kuti anthu azidzaona. Anaika mtima wake pansi pa mtengo, naumika thupilo, nalinyamula miyezi yambiri kupyola nkhalango ndi matenda ndi maiko a mafumu osawadziwa kufikira ku Bagamoyo, kuti akagone pakati pa anthu a mtundu wake, ndipo anaikidwa ku Westminster Abbey mu 1874. Anthu aja anadziwa chimene ana a Israyeli anadziwa posenza mafupa a Yosefe potuluka m'Aigupto. Ndidziwa kuti bungwe lanu lilibe mphamvu yotsegula kabati ya ku London. Koma lili ndi pakamwa, ndipo ambiri amene ayeza chigazacho ndi kutchuka nacho amakhala nanu pamsonkhano. Membala amene apempha kuyeza mafupa amene dziko la eni ake likuwalirira, kodi sayenera kuyamba wauza dzikolo, ndi kulemba m'lipoti lake kuti mafupawo ali pamlandu?

Nkhani ya Ingombe Ilede ndiyo imandisowetsa tulo koposa, chifukwa ikhoza kuchitikanso mawa. Pomanga damu la Kariba, Atonga okwana ngati 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anasamutsidwa, kusiya minda yawo ya m'madimba ndi manda a makolo awo kuti amizidwe. Mu 1958 anthu asanu ndi atatu a kwa Chipepo anaomberedwa ndi apolisi ku Chisamu pokana kupita ku Lusitu. Ndipo kunali ku Lusitu komweko, pa Ingombe Ilede, mu 1960, pokumba maziko a thanki ya madzi a anthu osamutsidwawo, kumene khasu linagunda manda a anthu akale ovala mikanda ya golide, okhala ndi mitanda ya mkuwa ndi zibangili, amene anali kuchita malonda ofika kunyanja ya mchere. A J. H. Chaplin anafukula, pambuyo pake a Brian Fagan ndi a David Phillipson, ndipo zofukulidwazo zinabwera kuno ku Livingstone. Dziko linapindula nzeru, sindikana. Koma lingalirani mtima wa nkhalamba ya Chitonga imene inauzidwa kuti manda a amake sangapulumutsidwe, niona boma lomwelo likutola mosamala mafupa a anthu osawadziwa chifukwa anali ndi golide m'khosi.

Lero maboma a Zambia ndi Zimbabwe akonza zomanga damu lina m'chigwa cha Batoka, makilomita ngati 50 kunsi kwa mathithi, m'dziko la Aleya lomweli. Ndiponso misewu, migodi ndi mahotela zikumera ponseponse. Masiku ano ntchito yotere isanayambe amayenera kutuma katswiri kuti akayendere malowo ndi kulemba ngati pali manda, mabwinja, ng'anjo kapena malo a nsembe, ndipo ichi nchabwino. Koma amalipira katswiriyo ndi mwini ntchito, amene mtima wake uli pa kuyamba msanga, ndi amene adzasankhe ngati chaka chamawa adzamuitananso. Ndipo munthu wa ana asanu, amene malipiro ake a ku yunivesite satha mwezi, akaimirira pakati pa mwini ndalama ndi manda a anthu osauka, mapanga awiri amuvumbwitsa. Sinditchula munthu, ndipo ambiri mwa iwo ndi olungama. Koma wolungamayo ndiye afunika bungwe kumbuyo kwake, kuti pamene auzidwa kuti afafanize ndime yakuti, athe kuyankha kuti akatero anzake adzamchotsa m'kaundula ndipo sadzagwiranso ntchito kulikonse. Munthu mmodzi amagulika, ndipo akakana amasiyidwa nkuitanidwa wina. Chimene chivuta kugula ndi gulu limene linapangana.

Musanene kuti bungwe la ophunzira silinazolowere kuweruza, pakuti mbiri yanu yomwe idzakutsutsani. Msonkhano wachiwiri unayenera kuchitikira ku South Africa poitanidwa ndi a Jan Smuts, koma boma la tsankho litalowa mu 1948 linabweza kuitanako, nchifukwa chake munapita ku Algiers. Ndale zinakupezani muli m'chikuta. Mu 1970 a Peter Garlake anachoka ku Rhodesia chifukwa boma la Ian Smith silinafune kumva choonadi chakuti Great Zimbabwe anamanga ndi anthu akuda. Mu 1983, ku Gaborone, ofukula a ku Mozambique anapempha bungwe la kummwera kwa Afirika kuti lidzudzule tsankho, ndipo pempholo litakanika, iwo ndi anzawo ena anatuluka. Koma chaka chomwecho ku Jos, m'dziko la Nigeria, msonkhano wanu wachisanu ndi chinayi unadzudzula tsankholo mosabisa mawu, nulamula kuti ubale ndi masukulu a ku South Africa udulidwe, ndi kuti amene apitiriza ubalewo adzudzulidwe. Moto umenewo unafika ku Southampton mu 1986, kumene a Peter Ucko ndi anzawo anakana nthumwi za ku South Africa, napatukana ndi bungwe lakale la ku Ulaya, nabala World Archaeological Congress, imene mu 1989 inapanga pangano la ku Vermillion lonena za ulemu woyenera mafupa a anthu ndi zofuna za abale awo. Ena mwa otsekeredwa kunja anali odana ndi tsankho, ndipo anamva kuwawa kosayenera. Mkangano wa ngati chinali chilungamo sunathe mpaka lero. Koma chimene ndigwirapo ndi ichi, kuti pa tsiku lija ku Jos munavomera kuti kukhala membala ndi chinthu chimene munthu angachitaye chifukwa cha machitidwe ake. Ngati munatha kutero pa mlandu waukulu umene dziko lonse linali kuuona, chikuletsani nchiyani pa milandu yaing'ono imene ichitika kuthengo, kumene kulibe mtolankhani?

Mudzandiuza kuti malamulo a khalidwe analembedwa kale, kuti mabungwe ambiri ali nawo, monga la akatswiri a kummwera kuno limene linakonzedwanso mu 2004 nkutchedwa ASAPA, ndi kuti mapepala ake aliyense angawapeze pa intaneti. Ndivomera. Koma kwathu kummawa, kumene ndinabadwira, ntchito yokhudza akufa ili ndi eni ake, ndiwo adzukulu. Ndipo mdzukulu, ngakhale akhale wamphamvu chotani, salowa kumanda ndi khasu mfumu isanalole ndi kuloza malo, sakumba mwini mbumba asanauzidwe, satenga kanthu ka womwalira nkupita nako kwawo mwakachetechete, ndipo akalakwa pali bwalo limene wamasiye, ngakhale wosauka, angaimirirepo ndi kumutchula dzina. Mwambo umenewu sunalembedwe papepala, koma uli ndi mano, chifukwa wolakwiridwa adziwa kumene angapite ndipo wolakwa adziwa kuti adzalipa. Inu ndinu adzukulu a Afirika yense. Funso langa ndi lakuti: mayi wa m'mudzi wa Mukuni, kapena wa ku Katete pafupi ndi mapanga ojambulidwa, akaona kuti alendo akumba pamalo a mizimu ndipo apita osatsanzika, akagogode pakhomo la yani? Alembe m'chinenero chanji, pamene misonkhano yanu iyenda m'Chingerezi ndi Chifalansa? Adzamuyankha ndani, ndipo patapita miyezi ingati?

Chifukwa chake ndipempha kuti mukhazikitse bwalo la madandaulo lodziwika maina, losankhidwa ndi mamembala, losakhala m'manja mwa a Pulezidenti kapena mlembi. Kuti lilandire dandaulo la munthu aliyense, membala kapena ayi, lolembedwa kapena lonenedwa pakamwa pa foni, m'Chitonga, m'Silozi, m'Chinyanja kapena m'Chiswahili. Kuti woimbidwa mlandu amvedwe mokwanira ndipo akhale ndi kochitira apilo, pakuti nsanje ilipo pakati pa ophunzira monga ilili pakati pa akazi a mitala, ndipo bwalo lopanda chilungamo lidzasanduka chibonga cha odana. Ndi kuti chigamulo chikaperekedwa chilengezedwe, chingakhale chenjezo, kuimitsidwa kapena kuchotsedwa. Ndipemphanso kuti pabwalopo pakhale mipando ya osunga miyambo. Kuno kwa Mukuni mfumu silamulira yokha: pambali pake pali Bedyango, mayi amene ali ndi mawu pa za nthaka, za maliro ndi za nsembe, ndi pa kulonga mfumu yomwe. Anthu amene anadziwa kugawa ulamuliro motero zaka mazana zapitazo sangalephere kumva mlandu wa katswiri amene anatsegula manda osapempha.

Za m'nyumba mwanu ndidzanena mwachidule, popeza mwini nyumba ndiye adziwa pamene padontha. Kuchokera ku Jos mu 1983 kufikira ku Harare mu 1995 panapita zaka khumi ndi ziwiri popanda msonkhano, ndipo izi zionetsa kuti bungwe limene moyo wake uli pa msonkhano wokha limakomoka pakati pa misonkhano. Chiyambire pamenepo mwayenda bwino, ku Bamako mu 2001, ku Gaborone mu 2005, ku Dakar mu 2010, ku Johannesburg mu 2014, ku Rabat mu 2018 ndi ku Zanzibar mu 2022. Koma paliponse pamene zinthu zigamulidwa ndi okhawo amene afika, wogamula weniweni ndi mtengo wa tikiti ya ndege, ndipo wosunga zakale wa ku Mbala kapena ku Karonga, amene ndiye agona ndi zofukulidwazo chaka chonse, amangomva kuti kunasankhidwa akutiakuti. Lolani kuti voti iponyedwe ngakhale munthu ali kwawo. Ndalama ya umembala iyesedwe ndi malipiro a dziko limene munthu akhala. Msungichuma aziyala mabuku chaka ndi chaka atawaona wowerengera wakunja. Ndipo amene ali pampando asakhale woweruza pa nkhani imene iye mwini, kapena wophunzira wake, kapena kampani imene imamulipira, ili ndi mbali. Palinso chinthu chimene anthu amanong'ona koma sachinena pabwalo. Msasa wa ofukula uli kutali ndi mudzi, ndipo mtsikana wophunzira amene digiri yake, chakudya chake ndi galimoto yobwerera kwawo zili m'manja mwa munthu mmodzi, alibe kothawira ngati munthuyo ali wopanda mwambo. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Bwalo lija likhale lakenso, ndipo dzina lake libisike kufikira iye mwini atalola.

Paki imene ndalemberamo kalatayi ili ndi mbali yake m'nkhaniyi. Kale inkatchedwa ndi dzina la Barotse, ndipo kuyambira masiku oyamba a mzindawu yakhala malo amene anthu a luso la manja agulitsirapo ntchito zawo. Lero m'mbali mwa msewu muli mzere wa timasitolo ta ziboliboli, mbale za mukwa, madengu, ng'oma, nsalu ndi zibangili za mkuwa, ndipo alendo ochokera kumathithi amatsika kudzatsatsana mitengo. Osema awa ndi anthu a ntchito yoyera, odyetsa ana ndi thukuta lawo. Koma aliyense wodziwa malonda a zinthu zotere, kuno kapena kwina kulikonse, adziwa kuti pali mlendo wina amene safuna chosemedwa dzulo, amene amatsitsa mawu nkufunsa ngati pali chakale chenicheni. Ndipo funso limenelo likafunsidwa kawirikawiri, ndi ndalama yooneka, limafika kumudzi, ndipo mnyamata wosowa ntchito amatenga khasu usiku. Lamulo la 1989 limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission liteteza zinthu zopangidwa chisanafike chaka cha 1924, ndipo liletsa kuzifukula kapena kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo. Pangano la UNESCO la 1970 linena zomwezo pakati pa maiko. Koma chinthu chobedwa sichikwera mtengo ku Paris kapena ku New York popanda wophunzira wina wochitsimikizira kuti nchenicheni ndi kuchilembera zaka. Wakuba ndi khasu amagwidwa ndi apolisi. Wakuba ndi cholembera palibe angamgwire koma inu.

Ndiponso, ndikayang'ana pa matebulo a osemawa, ndimaona njovu, mvuu, akadyamsonga ndi zipembere zosawerengeka, koma kawirikawiri sindiona mtanda wa Ingombe Ilede, kapena mphika wa mapale a ku Dambwa, malo amene ali m'mzinda momwemuno ndipo anapereka dzina ku mtundu wa mbiya zakale umene ophunzira a ku Ulaya amauloweza pamtima. Chifukwa chake nchakuti zimene zinapezeka m'nthaka yawo sizinabwerere kwa iwo m'mawu amene angamve. Mabuku a a Joseph Vogel onena za Kumadzulo, Kamangoza ndi Simbusenga, midzi yakale ya m'dera lino la mathithi, alipo. Koma ndi angati mwa adzukulu a eni midziyo amene anauzidwa zimene zilimo? Zolembedwa zatsopano zambiri zili m'magazini amene kuwerenga nkhani imodzi kulira ndalama yoposa imene wosema apeza pa sabata yoipa. Ndipempha kuti pasapezeke membala wowerenga pepala pamsonkhano wanu amene sanayambe wabwerera kumudzi kumene anakumba, nakhala pansi ndi mfumu ndi anthu, nawauza m'chinenero chawo chimene anapeza, nasiya tsamba limodzi kapena awiri pasukulu ya pamalopo. Ukayenda siya phazi, anatero akale. Ofukula ambiri asiya dzenje lokwiriridwa bwino ndi mbiri yoti anabwera anthu, anatenga, anapita.

Ndidziwa chimene ena mwa inu adzayankha: kuti bungwe si boma, kuti zilolezo apereka ndi a Commission ndi anzawo a m'maiko ena, kuti mulibe ndalama ya maloya, ndi kuti mukaumitsa malamulo alendo obwera ndi thumba la kafukufuku adzapita kwina. Zoona zilimo. Koma a boma amaona pepala la chilolezo ndi mabokosi otuluka pachipata. Saona mmene kapitawo analankhulira ndi aganyu, saona dzina la mnzake wa m'dziko litaikidwa kumapeto kwa lipoti limene iye analemba theka, saona mafupa atakhala zaka makumi atatu m'katoni m'chipinda cha yunivesite yakutali, wobwereka atamwalira ndipo wolowa m'malo mwake asakudziwa kuti ndi a yani. Izi aziona ndi anzake a ntchito okha. Kunena za alendo, amene ali olungama adzakondwera, pakuti ambiri a iwo achita kale zimene ndapemphazi popanda wowakakamiza, ndipo malamulo a maiko awo sawalola kuchitira manda a kwawo zimene ena achitira manda a kuno. Amene adzathawa ndi omwewo amene sitinayenera kuwalandira. Ndipo kunena za ndalama, chilango chachikulu chimene muli nacho sichilira khobidi: ndicho kukana kumupatsa munthu nsanja yolankhulirapo.

Ndipempha tsono kuti kalatayi iwerengedwe pa msonkhano wa mamembala onse umene ukudza, ndi kuti yankho lake, lingakhale lokana, lilembedwe m'mabuku a msonkhanowo pamodzi ndi zifukwa zake. Ndipemphanso kuti mulembere nyumba zonse zosungiramo zakale ndi mayunivesite amene mamembala anu agwiramo ntchito, m'Afirika ndi kunja, kuti aliyense atulutse mndandanda wa mafupa a anthu ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amene ali m'manja mwake, kutchula malo amene anafukulidwa, chaka, wofukula, ndi chilolezo chimene anatulukira. Mndandandawo uperekedwe ku maboma ndi kwa mafumu a malowo, Gawa Undi ndi Mukuni ndi Chipepo ndi anzawo, kuti eni ake aone okha chimene afuna chibwerere ndi chimene alola kuti chikhale. Yankho lanu mukhoza kulitumiza kudzera ku Livingstone Museum, kuti alipachike pakhomo ndi kuliwerengetsa pa wailesi za kuno m'Chitonga, m'Silozi ndi m'Chinyanja.

Ndagwira mwendo wanu, akuluakulu.

Ine wanu wokulemekezani,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Livingstone.